Magazi a Wattle

A Ballantyne sanalowe m'nyumba m'mawa umenewo. Anaimika pikapu yawo kunja kwa geti, n'kudzaima pafupi ndi mulu wa nkhuni, chipewa chili m'manja. Darcy Penhall atawaona pawindo la kukhitchini, mtima unangoti myuu. Munthu amene wakhala akulowa m'nyumba mwanu osagogoda kuyambira iwe usanabadwe, tsiku limene waima panja atavula chipewa, dziwa kuti sanabwere ndi zabwino. Mwezi umenewo pafupifupi tauni yonse ya Tenterfield inali itamuvulira Darcy zipewa, ndipo iye anali atatopa nazo.

Anavala jasi la malemu bambo ake, limene linali likadali pamsomali kuseri kwa chitseko, n'kutuluka. Udzu unali mbuu ndi chisanu. Wattle anamutsatira pang'onopang'ono, mimba ikugwedezeka uku ndi uku. Anali galu wamng'ono woyera, wa mawanga ofiirira kumutu, wa mtundu uja umene unatenga dzina la tauni yomweyo, ndipo bere lake linali litayamba kumulemera.

"Mwadzuka bwanji, bambo Ballantyne? Lowani, ketulo ili pamoto."

"Ayi mwanawe. Tiyi ndimwa ndikamaliza kulankhula, ngati ungandipatsebe."

A Ballantyne anali mnzawo wa bambo ake wa ponda apa nane m'pondepo. Onse awiri ankaweta agalu a mtundu umenewu, ankapikisana m'zionetsero, n'kumanyozana chaka chathunthu. Ulendo womaliza umene a Col Penhall anayenda ndi miyendo yawo, asanagonekedwe m'chipatala, unali wopita ndi Wattle kwa a Ballantyne kukamukweretsa kwa galu wawo wamphongo, dzina lake Nugget. Anapangana monga amachitira oweta agalu: mwini wamphongo salandira ndalama, koma ana akabadwa ndiye amayamba kusankhapo mmodzi. Anangogwirana chanza, nkhani n'kutha. Patapita masabata ochepa a Penhall anamwalira, n'kusiya Wattle ali ndi bere.

"Ndi za Nugget," anatero a Ballantyne, akupotokola mlomo wa chipewa. "Ukukumbuka mayi uja wa ku Stanthorpe amene anabweretsa galu wake kwa ine? Galuyo anaswa ana anayi. Mmodzi sanakule. Anzake akutsegula maso, iye ayi. Anzake akuyamba kuyenda, iye ali gone. Kenako pakhosi panatupa, apa." Anadzigwira pansi pa chibwano. "Kanafa sabata yatha. Adokotala a ziweto akuti ndi chithokomiro, chobadwa nacho. Ndiye amuyeza Nugget. Mbewu yake ali nayo."

"Koma Nugget sadwala. Amathamanga kuposa pikapu yanuyo."

"Ngakhale fulu amathamanga kuposa pikapu yanga. Inde, sadwala. Amangonyamula."

Darcy sanafunikire kuuzidwa zambiri. Anali ataphunzira za sayansi chaka ndi theka ku yunivesite ya ku Armidale, asanasiye kuti adzadwazike bambo ake. Ankadziwa kuti matenda otere amafuna mbewu ziwiri, ina yochokera kwa tate, ina kwa make. Galu wa mbewu imodzi amakhala wathanzi moyo wake wonse, ndipo palibe diso limene lingamuzindikire. Koma onyamula awiri akakumana, mwa ana anayi alionse mmodzi akhoza kubadwa wodwala. Nugget anali atapereka kale mbali yake. Zonse tsopano zinatsalira kwa Wattle, amene pa nthawiyo anali kalikiliki kununkhiza nsapato za mlendoyo.

"Col anamuyezetsapo ameneyu?" anafunsa a Ballantyne.

Darcy anaseka kuseka kopanda kukoma. "Bambo? Kuyezetsa?"

Bambo ake ankati galu amayezedwa ndi maso. Akaona mayendedwe, mano ndi ubweya, ndiye kuti adziwa zonse. Iwo eni ankadziyezanso chimodzimodzi. Kabokosi koyezera khansa ya m'matumbo, kamene boma limatumizira anthu achikulire pa positi, kanafika pakhomopo kangapo, ndipo nthawi zonse kankathera pamwamba pa firiji, pansi pa zikho za mipikisano ya agalu. "Ndikudya, ndikugwira ntchito, ndiye ndiyezetse chiyani?" Pamene ankalola kupita kuchipatala n'kuti madzi atafika kale m'khosi.

"Pita naye kwa Dokotala Mackie, mwanawe. Lero lomwe."

"Ndiona," anayankha Darcy. Sanabwerezenso za tiyi. A Ballantyne anadikira pang'ono, kenako anavala chipewa chawo n'kubwerera ku pikapu.

Tsiku limenelo linadutsa osapita. Mawa lakenso. Darcy anawaza nkhuni zoti zikanakwana nyengo yozizira iwiri, anakonza mpanda umene sunali wowonongeka. Chilungamo chake n'chakuti mawu oti "zotsatira" ankamudwalitsa. Akangowamva ankaona kachipinda kaja ka kuchipatala, ka mipando yofewa ndi bokosi la mapepala opukutira misozi loikidwiratu patebulo. Fungo la mankhwala lokha linkamutsekereza mpweya. Malinga ngati Wattle sanayezedwe, ana a m'mimbamo anali bwino onse, ndipo bambo ake anali asanalakwitse kanthu.

Amene sanamupatse mtendere anali mchemwali wake Tegan, wa zaka khumi ndi zinayi, mtsikana wosadziwa kumeza mawu.

"Achimwene, mukuopa adokotala a agalu? Sakubayani inuyo jakisoni."

"Dya chakudya chako."

"Ndafufuza. Pali njira ina. Amatumiza timitengo ta thonje kunsonga, timapukuta nato m'kamwa mwa galu, n'kubweza pa positi. Simudzaponda ndi pakhomo pa chipatala pomwe. Amayi, titumizitse?"

Mayi awo, amene ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ndipo masiku amenewo ankabwera ali wefuwefu, anangogwedeza mutu kuvomera.

Timitengoto tinafika Loweruka. Darcy anakhazika Wattle patebulo la m'chipinda chochapira, Tegan n'kutambasula kapepala ka malangizo.

"Apa alemba kuti tisanayambe..."

"Ndikudziwa. Zimenezi ndinaphunzira ku yunivesite."

"Munaphunzira theka, a Pulofesa."

Tegan ananena mwanthabwala, koma mawuwo analasa pachilonda. Darcy anatembenuka, maso ali psuu. "Ndinaphunzira theka chifukwa panafunika munthu wonyamula bambo ako kupita nawo kuchimbudzi, iwe uli kusewera mpira. Tuluka!"

Tegan anaponya kapepalako pansi n'kumenyetsa chitseko.

Wattle sanafune zoseweretsa m'kamwa mwake. Analuma mano, n'kumang'ung'udza chapansipansi. Darcy anayesa kumunyengerera, anayesa kumukanula, koma galuyo ankangotembenuza mutu. Atatopa anapisa dzanja m'thumba la jasi lija, ndipo zala zake zinakhudza tizidutswa touma. Chinali chiwindi cha nkhosa chowamba, chimene bambo ake ankayenda nacho kulikonse. Ndi chimenecho ankaimika nacho agalu mowongoka pachionetsero, ndi chimenecho ankawamwetsera mapiritsi. Fungo lake linali la bambo ake enieni, kuposa maluwa onse amene anthu anabweretsa pamaliro. Darcy anatulutsa kachidutswa, n'kuchita kaphokoso ka pamilomo kamene bambo ake ankachita.

Wattle anatsegula kamwa nthawi yomweyo, mchira ukugunda tebulo. Anatafuna, anameza, n'kuyasamulanso kupempha china. Darcy anapukuta mkati mwa tsaya ndi timitengo tija mosavuta konse, n'kutitsekera mu envulopu. Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri anamva ngati wachita chinthu molongosoka.

Yankho linabwera pa foni patapita masabata awiri, onse ali patebulo la chakudya cham'mawa. Silinanene kuti Wattle ali nayo mbewu, silinanenenso kuti alibe. Linati thonjelo linali lodetsedwa ndi chakudya cha nyama, moti sanathe kuwerenga kanthu. Anapempha kuti atumize lina, ndipo anakumbutsa mwaulemu kuti galu sayenera kudya chilichonse kwa kanthawi ndithu asanamupukute m'kamwa.

"Munamupatsa chiyani?" anafunsa Tegan.

Darcy anayang'ana m'kapu yake. "Chiwindi. Cha m'jasi la bambo."

Anadikira kuti mchemwali wake amuseke. Koma Tegan anangodzola batala pa buledi wake mpaka buledi anabooka.

Nthawi yotumiza thonje lina inali itatha. Wattle anaswa Lachitatu lotsatira, dzuwa litangotuluka, m'bokosi la matabwa limene a Penhall anakhoma kalekale. Ana anayi anabwera motsatizana, onenepa ngati mbatata, akulira asanaume n'komwe. Wachisanu anachedwa. Atatuluka anali kanthu kochepa kokwana m'chikhatho cha Tegan, kamphongo, ka banga limodzi pakhutu. Sikanalire mpaka Darcy atakapukuta mwamphamvu ndi thaulo.

"Tikatcha ndani aka?" anafunsa Tegan monong'ona.

"Ukudziwa lamulo la bambo. Mwana wa galu sapatsidwa dzina asanatsegule maso."

Ankangokatchula kuti kachitsirizira. Anzake anayi ankayamwa ngati akupikisana, n'kumakakankhira kunja. Darcy ankakabwezera pabere la make, koma kankayamwa pang'ono n'kugona. Iye anayamba kukhala m'chipinda chochapiracho tsiku lonse, atakhala pa ndowa yovundikira, akukayang'ana. Pakapita kanthawi ankakanyamula n'kukasisita pakhosi ndi chala, kufuna kumva ngati patupa.

"Mukatupitsa nokha ndi chala chanucho," anatero Tegan tsiku lina atabwera kusukulu. Anaima pachitseko chikwama chikadali kumsana. "Achimwene, pitani nawo kwa adokotala."

"Tidikire kaye tione. Mwina kangochedwa chabe."

"Bambonso ankatero."

"Tegan..."

"Ankati tidikire tione. Tinadikira, ndipo tinaona." Tegan anapitiriza. "Inu munawanyamula kupita nawo kuchimbudzi, ndikudziwa. Ine ndinkamva zonse ndili kuchipinda kwanga, mutu nditaphimba ndi pilo. Sindikufunanso kudikira chinthu china m'nyumba muno."

Darcy anaimirira, anatenga dengu lochapira zovala, anayalamo bulangeti ndi botolo la madzi otentha, n'kuyamba kuikamo ana agaluwo mmodzimmodzi.

Fungo la kuchipatala cha ziweto linamulandira pakhomo, monga ankaopera. Anaima, dengu lili m'manja. Tegan anamukankha kumsana ndi chigongono. "Yendani, a Pulofesa, mukutsekereza njira."

Dokotala Shona Mackie anali mayi wamfupi wa manja okhakhala, amene theka la tsiku lake linkathera m'makola a ng'ombe. Anamvetsera nkhani yonse, mpaka ya chiwindi yomwe, osaseka.

"Sindiwe woyamba," anatero. "Wina anabwera kuno atapaka chiponde pa thonje lenilenilo. Anthu a agalu m'matumba mwanu simusowa chakudya, ndiye vuto lake." Anadutsitsa kamakina pamsana pa Wattle kuti awerenge nambala ya kachizindikiro ka pansi pa khungu, kenako anamumeta pang'ono pamwendo n'kutenga magazi. "Awa sangadetsedwe ndi chiwindi."

Kachitsirizira anakaunika nthawi yaitali. Anakaika pasikelo, anakatsegula kamwa, anakapapasa pakhosi.

"Pali chotupa," anatero Darcy. "Ndikumachimva."

"Ili ndi kholingo, mnyamata. Galu aliyense ali nalo, nawenso uli nalo. Chithokomiro sindikuchimva, koma sindikunamiza, n'kutheka kuti nthawi yake sinakwane. Ngati ali matendawo, tikawadziwa msanga pali mankhwala oti tingayese, akumwa moyo wonse, ngakhale si ana onse amene amapulumuka. Kakadali kakang'ono kwambiri kuti ndikavutitse ndi singano. Magazi a make atiyankhira za onse asanu nthawi imodzi. Pakadali pano uzikapatula anzakewo, kaziyamwa kokha poyamba. Uzikayeza pasikelo ya kukhitchini tsiku lililonse. Chala chako chipume."

Masiku odikira anali ataliatali. Darcy ankachita zonse zimene anauzidwa. Ankatsekera anayi aja m'dengu, akulira ngati aberedwa, kuti kachitsirizira kayamwe kaye. Sikelo inkasuntha, koma pang'ono kwambiri moti iye sankaikhulupirira. Ndiye m'mawa wina mwana wamkulu pa onse anatsegula diso limodzi, lotuwa ngati utsi. Pofika mawa lake onse anayi anali akuphethira, akukwawa, akugundana ndi makoma a bokosi. Tegan anawapatsa mayina tsiku lomwelo. Kachitsirizira kanali gone pakona, maso ali tsekee ngati osokedwa.

Anzake akutsegula maso, iye ayi. Mawu a a Ballantyne aja anamuzungulira Darcy m'mutu tsiku lonse.

Lachisanu masana anasiya foni yake patebulo la kukhitchini, chifukwa sankafuna kuimva ikulira. Anatenga fosholo ndi pikisi n'kupita kuseri kwa shedi, pansi pa mtengo wa bulugamu pamene bambo ake ankaika agalu awo akale. Ankafuna kuti ulendo uno chinthu chimupeze atakonzeka. Pa bambo ake anakhulupirira mpaka sabata yomaliza kuti achira, ndipo chikhulupirirocho ndi chimene chinamupweteka kuposa zonse. Dothi linali lolimba, lodzaza miyala. Anakumba mwaukali. Kanthu kokwana m'chikhatho sikafuna dzenje lalikulu, koma iye anapitiriza kukumba mpaka linafika m'mawondo.

"Achimwene! Achimwene!"

Tegan ankabwera chothamanga, atavala sokosi zokhazokha pa udzu wonyowa, foni ili m'mwamba. Darcy anagwiritsa fosholo ndi manja onse awiri. Sanafune kumva. Akanatha akanalowa m'dzenjemo n'kudzikwirira.

"Ndi Dokotala Mackie! Alibe! Wattle alibe!"

"Alibe chiyani?"

"Mbewu, inu! Alibe ngakhale imodzi! Lankhulani nawo nokha, mwina muwamva m'chiyunivesite."

Anamukanikiza foni pakhutu. Mawu a dokotala anamveka odekha, kumbuyo kwawo ng'ombe ikulira. "Darcy? Magazi a Wattle ndi oyera. Palibe mwana wake ndi mmodzi yemwe amene angadwale matenda aja, ngakhale tate wawo ndi wonyamula. Kako kaja kangochepa chabe, monga amachepera ena. Kapatse masiku angapo."

"Mukunena zoona? Sanasokoneze ndi galu wina?"

"Nambala ndinawerenga ndekha. Pita ukadye, mawu akowo akumveka ngati a munthu wosadya."

Darcy anabweza foni kwa Tegan. Anakhala pansi m'mphepete mwa dzenjelo, miyendo ili m'kati, ndipo kulira kumene sikunabwere kuchipatala, kumene sikunabwere kumanda anthu onse akumuyang'ana, kunabwera pamenepo. Analira mokweza ngati mwana, nkhope ataibisa m'kolala ya jasi lonunkha chiwindi lija. Tegan anakhala pambali pake, sokosi zili matope okhaokha, n'kutsamiritsa mutu paphewa lake.

Patapita nthawi anafunsa, akupukuta mphuno ndi dzanja: "Koma achimwene, dzenje lonseli mumafuna kuikamo ndani? Hatchi?"

Darcy anaseka misozi ikadali kutsika.

Lamlungu m'mawa, mayi awo akuphika mazira, Tegan anakuwa kuchokera m'chipinda chochapira. Onse anathamangira komweko. Kachitsirizira kanali katadzutsa mutu, kakugwedezeka ngati kaledzera, ndipo pakona ya diso lakumanzere panali kampata kakang'ono konyezimira. Kanayang'ana dziko kanthawi, kanayetsemula, n'kugonanso.

"Lamulo lakwana," anatero Tegan. "Dzina lake ndi Pulofesa."

"Iwe, usayerekeze."

"Amachedwa, amagona m'kalasi, aliyense amaganiza kuti zake zatha. Koma amaliza. Eti amayi?"

Mayi awo anangomuyang'ana Darcy, akumwetulira koyamba chichokereni kumanda, mpaka fungo la mazira opserera linawakumbutsa za kukhitchini.

A Ballantyne anabwera ana agaluwo atayamba kudya okha ndi kung'amba nsapato za aliyense. Darcy ndiye anawaimbira foni. Nthawi yonseyi a Ballantyne anali asanapondepo pakhomopo, ndipo ngakhale tsikulo anaimanso pamulu wa nkhuni, chipewa m'manja. Koma ana asanu atatuluka chothamanga n'kuyamba kukoka zingwe za nsapato zawo, nkhalambayo inaiwala manyazi. Inagwada pa udzu, ikubuula ndi mawondo, n'kuyamba kuwanyamula mmodzimmodzi.

"Taonani mutu uwu! Col akanauona akanandinyoza mpaka Khirisimasi. Nanga aka?" Ananyamula Pulofesa ndi dzanja limodzi. "Aka ndi galu kapena khoswe?"

"Ameneyo musamuyang'ane n'komwe," anatero Tegan. "Ali ndi eni ake."

"Ndani angamufune? Nanga dzenje lili kuseri kwa shedilo n'la chiyani?"

"Tikudikira pikapu yanu," anayankha Darcy.

A Ballantyne anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anaimika kamkazi kena pa bondo lawo, anakaona mano, anakasisita msana, anakasiya kuti kayende n'kukayang'ana chakumbuyo. "Uyu ndiye wanga. Miyendo yake yowongoka ngati ya tebulo. Adzandiswera agalu abwino uyu. Ine ndasankha."

"Musasankhe lero," anatero Darcy.

"Pangano ndi pangano, mwanawe. Ine ndi bambo ako tinagwirana chanza."

"Silinasinthe. Oyamba kusankha ndinu. Koma Nugget anapereka mbali yake, ndiye ena mwa anawa ndi onyamula, ndipo sitikudziwa kuti ndi ati. Dokotala Mackie abwera Lachiwiri kudzawapukuta onse m'kamwa. Wonyamula si wotayika, ngakhale Nugget wanuyo. Amangofunika kumukweretsa kwa wopanda mbewu, monga zachitikira pano mwamwayi. Koma aliyense wotenga mwana pakhomo pano achoka akudziwa chimene wanyamula. Sindikufuna munthu wina adzakumbe dzenje chifukwa cha galu wa kwa Penhall."

Nkhalambayo inakwinya nkhope. "Ine ndi Col tasankha agalu ndi maso kuyambira iwe usanabadwe."

"Ndikudziwa, bambo Ballantyne. Maso a bambo anali akuthwa kuposa a wina aliyense m'tauni muno. Koma zina sanazione."

Pulofesa anali atagona pa nsapato ya a Ballantyne, chingwe chili m'kamwa. Nkhalambayo inayang'ana jasi limene mnyamatayo anavala, kenako inayang'ana kumbali, kumapiri.

"Chabwino. Lachiwiri."

"Pali chinanso," anatero Darcy. "Kabokosi kaja ka pa positi. Nanunso amakutumizirani, eti?"

A Ballantyne anakanda kuseri kwa khutu. "Ka boma kaja? Kanabwera."

"Kali kuti?"

"M'pikapu. Pansi pa mpando, ndikuganiza. Koma ine ndili bwinobwino, mwanawe. Ndikudya, ndikugwira..." Anaima pakati pa mawu. Anali atazindikira kuti mawu amenewo anali a Col.

"Zotsatira za anawa zikabwera, mudzasankhe amene mukufuna," anatero Darcy. "Koma sachoka pano mpaka kabokosi kanuko katapita ku positi. Limeneli ndi pangano langa ndi inu."

Anatambasula dzanja. A Ballantyne analiyang'ana nthawi yaitali. Linali dzanja la matuza a fosholo, lalikulu ngati la mnzawo uja. Analigwira mwamphamvu, ndipo sanalisiye msanga.

"Ndipo muwerenge kaye kapepala ka malangizo," anawonjezera Tegan. "Musachite za anthu ena ophunzira."

"Mwana uyu ali ndi pakamwa ngati bambo ake," anatero a Ballantyne, akudzuka movutikira. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kunamizira mphepo. Kenako anavala chipewa chawo. "Tiyi uja alipobe?"

"Ketulo ili pamoto."

Nkhalambayo inatsogola, ana agalu asanu akuipinga m'miyendo, Wattle ali pambuyo. Itafika pakhonde inangokankha chitseko n'kulowa, osagogoda.